Khungu limenelo musalikakamize, anyamata inu

Anyamata inu, nkhani iyi kale inkanenedwa ndi amalume kuseri kwa nkhokwe. Lero mumaifunsa kwa anzanu kapena pa foni, ndipo zomwe mumamva kumeneko zikupweteketsa ambiri. Ena mwa inu amene simunadulidwe, mukabweza khungu la kunsonga kwa chida chanu, mutu wake umanyerenyetsa kapena kuwawa kumene ukangokhudzidwa ndi madzi kapena kabudula wamkati. Mumayamba kuganiza kuti mwalodzedwa, kapena kuti banja lidzakukanikani. Simunalodzedwe ayi. Mutu umenewo wakhala wofundidwa chibadwire chanu, ndiye sunazolowere kukhudzidwa. Phazi lokulira mu nsapato silipirira miyala tsiku loyamba, koma likamaponda pang'onopang'ono limazolowera.

Mankhwala oyamba ndi madzi ofunda ndi kudekha. Posamba, bwezani khungulo kufika pomwe likulola lokha popanda ululu. Thirani madzi, chotsani litsiro loyera lija limasonkhana mkatimo, pukutani, kenaka bwezeretsani khungu m'malo mwake. Tsiku lililonse mutuwo uzikhala poyera kwa kamphindi, muziukhudza mofatsa ndi zala zosamba. Ena amaona kusintha pakatha masabata ochepa, ena miyezi. Musapikisane ndi munthu.

Chimene chimandiwawa mtima ndi zopakapaka. Sopo wochapira zovala, mankhwala otsukira mano, mandimu, phulusa, timabotolo ta "mphamvu" togulitsidwa pamsika: zonsezi zimawotcha khungu lofewa ngati la mkati mwa mlomo, ndipo ululu umene mumathawawo umangowonjezeka. Zopopera zochititsa dzanzi nazo zimangobisa vuto, mwinanso dzanzilo n'kufika kwa mkazi wanu. Mukadzakhala pabanja, kondomu imachepetsa kunyerenyetsako, koma musaipake Vaseline kapena mafuta ophikira chifukwa amaifooketsa n'kung'ambika.

Muuzenso azichemwali anu amene ali ndi ana aamuna. Khungu la khanda limakhala lomatirira kumutu ndipo limamatuka lokha mwana akamakula, kwa ena mpaka atatha msinkhu. Kulikoka ndi mphamvu kumang'amba, chipsera chake n'kudzalithinitsa koposa kale.

Pali zina zimene madzi ofunda sangathetse, ndipo apa nditchereni khutu. Ngati khungu ndi lothina moti silibwerera n'komwe, achipatala ali ndi mankhwala opaka amene amalifewetsa m'masabata 4 mpaka 8, ndipo ambiri amachira osadulidwa. Ngati mutu wafiira, ukuyabwa, khungu likung'aluka mobwerezabwereza, kayezetseni shuga, pakuti matenda amenewa nthawi zina amayamba kuonekera pamenepo. Zilonda, mafinya kapena kuwotcha pokodza ndi zizindikiro za matenda opatsirana pogonana; mukalandire mankhwala pamodzi ndi amene munagona naye. Koma choopsa kwambiri ndi ichi: mwabweza khungu, lakanirira kuseri kwa mutu, mutuwo wayamba kutupa. Magazi sakuyenda bwino pamenepo. Kaya ndi pakati pa usiku, pezani njinga muthamangire kuchipatala. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, palibe adzakudziwireni ululu umene mwabisa m'buluku.

Za mdulidwe ndinene mwachilungamo. Kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa, ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anasonyeza kuti mwamuna wodulidwa chiopsezo chotenga HIV kwa mkazi chimatsika ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo mu 2007 bungwe la WHO linalimbikitsa mdulidwe wa kuchipatala. Ndi chisankho chabwino kwa amene wachifuna yekha. Komabe musapite poganiza kuti kunyerenyetsa kudzatha tsiku lomwelo. Mutu ukakhala poyera umayamba wavuta kwa masabata angapo, ndipo muyenera kudziletsa masabata 6 kuti bala lipole. Kondomu nayo siisiyidwa chifukwa mwadulidwa. Amene sanadulidwe koma amadzisamalira si mwana, musamamuseke kudambo posamba.

Ngati mwayesa kwa miyezi iwiri kapena itatu ululu osachepa, pitani kuchipatala chapafupi. Manyazi akakugwirani, pemphani kuti akuoneni dokotala wamwamuna, ndipo mukamufotokozere zonse monga zilili.