Anandipusitsa pa amplifaya: kodi nanenso ndipusitse wina?



Pansi pa bedi langa ku hostel panakhala amplifaya ya bezi gitala kwa miyezi isanu. Inali yooneka bwino, yosakandika paliponse, mawu ake onenepa moti ukakhudza nsambo ya E mawindo ankanjenjemera. Vuto linali limodzi basi: ikalira mphindi pafupifupi 40 inkazima yokha, zii. Ukaisiya kuti izizire n'kuiyatsanso, inkalira ngati palibe chachitika. Dzina la kampani yake sinditchula, chifukwa mlandu si wa amene anaipanga. Inali itadutsa m'manja ambiri isanandipeze.

Ndikudziwa funso lomwe ena muli nalo kale: mwana wa madrasa akufuna chiyani ndi bezi gitala? Funsolo ndi loyenera ndipo sindilithawa. Ma Ulama ambiri a madhhab anayi, kuphatikizapo a Shafi'i omwe ambirife tinakulira, amaletsa zoimbira za nsambo, ndipo ambiri mwa iwo amaletsanso kuzigulitsa. Alipo ochepa omwe anaona mosiyana, wodziwika kwambiri ndi Ibn Hazm wa ku Andalus amene anamwalira mu 1064. Ine si Sheikh ndipo sindikupereka fatwa. Wofuna chigamulo akafunse eni maphunziro. Koma tisanamizane, achinyamata achisilamu omwe ali ndi zida izi alipo, ndipo amagula, amagulitsa, amasinthanitsa. Komanso zomwe ndikufuna kunena zikumukhudza ngakhale amene sanagwirepo gitala, bola anagulitsapo foni kapena laputopu yogwiritsidwa kale ntchito.

Amene simunalowepo m'magulu a oimba bezi pa WhatsApp kapena Facebook, kumeneko mkangano sukutha. Wina ati Squier ndiye dilu, wina ati bola Ibanez chifukwa khosi lake ndi lopyapyala, wina sasuntha pa Yamaha. Ena amakangana usiku wonse za Precision ndi Jazz Bass, magitala awiri a Fender, yoyamba ya 1951 inayo ya 1960, pomwe ambiri mwa okanganawo sanagwirepo yeniyeni. Pa ma amplifaya ndiye kumatchulidwa Fender Rumble chifukwa chopepuka, Hartke chifukwa cha masipika ake a aluminiyamu, ndi Ampeg yomwe tonse timangoilota. Zatsopano za mu shopu ochepa angazikwanitse. Zambiri zomwe zimazungulira pakati pathu ndi zakale, zobwera ndi abale ochokera ku Joni kapena ku UK.

Ndiye pa malonda oterewa wogulitsa amadziwa zambiri kuposa wogula, ndipo malo obisamo chilema ndi ambiri. Khosi la gitala limatha kupindika. Mkati mwake muli chitsulo chotchedwa truss rod chowongolera khosilo, koma chikafa gitala imakhala yovuta kuimba mpaka kalekale, ndipo pa chithunzi sizioneka. Pali magitala otchipa omatidwa dzina la kampani yotchuka kumutu. Pali ma amplifaya otsatsidwa ndi nambala yaikulu ya ma watts, pomwe nambalayo ndi ya kamphindi chabe, osati mphamvu yomwe imatulutsa mosalekeza. Palinso opangidwira magetsi a 120V a ku America, pomwe kuno timagwiritsa 230V. Koma chilema choopsa kuposa zonse ndi chija chimadikira nthawi, ngati cha amplifaya yanga. Wogula amayesa mphindi zisanu, amva mawu abwino, alipira, anyamuka.

Umu ndi momwe ndinagulira inenso. Wondigulitsa anali m'bale yemwe timakumana pa Jumu'ah, ndipo ndalama zake zinali za maganyu a tchuthi chonse. Ndinazindikira vutolo tsiku lachitatu.

Patatha miyezi, laputopu yanga inafa mayeso atayandikira. Ndinaika amplifaya ija pa malonda ndipo kunabwera mnyamata wina amene amaimba bezi ku tchalitchi kwawo. Anailumikiza, naimba pang'ono, nkhope yake n'kuwala. "Achimwene, iyi ndaikonda. Ilibe vuto eti?" Subhanallah, mmene mutu umagwirira ntchito mwachangu ukafuna kudziikira kumbuyo! Pa kanthawi kochepa ndinali nditapeza kale zifukwa zinayi zokhalira chete.

Chakuti munthuyu si Msilamu chinagwa chokha, ndipo ndikuchita manyazi kuti chinabwera n'komwe m'mutu mwanga. Chilungamo pa malonda sichifunsa kaye komwe wogula amapemphera. Chachiwiri chinali chochenjera pang'ono: zinthu zoimbira ndi zokaikitsa kale, ndiye malamulo a malonda alowapo bwanji? Koma taganizani, ngati ndili pa chinthu chomwe mwina ndi cholakwika, kuwonjezerapo chinyengo kukuchepetsa chiyani? Kukhala pa malo okaikitsa si chiphaso chochitira chomwe chilibe chikaiko n'komwe kuti ndi haramu.

Chachitatu ndi chija timachikonda tonse: wayesa yekha, wamva yekha, ine sindinamukakamize. Apa ndi pomwe ndinakumbukira phunziro la ku madrasa lomwe ndinkaliona ngati la anthu ogulitsa chimanga okha. Mu Sahih Muslim muli nkhani yomwe anaifotokoza Abu Huraira (RA), yakuti Mtumiki (SAW) anadutsa pa mulu wa chakudya chogulitsa, nalowetsa dzanja mkati, zala zake n'kukhudza chinyontho. Mwini wake anati chinanyowa ndi mvula. Mtumiki (SAW) anamufunsa chifukwa chomwe sanaike chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo anamuchenjeza kuti chinyengo chimamuchotsa munthu pa njira yake. Taonani bwino: wogulitsa uja sananene bodza. Sananyowetse dala chakudyacho. Anangosanja mulu wake mwa njira yakuti diso la wogula lifike pouma pokha. Nanga ine? Mphindi zisanu zoyamba za amplifaya yanga zinali pamwamba pa mulu. Mphindi ya 40 ndiye inali pansi ponyowa, pomwe dzanja la mnyamata uja silikanafika ngakhale akanakhala katswiri wotani.

N'chifukwa chake mawu oti "sindinama, ndingokhala chete" sapulumutsa. Hadith ya Hakim ibn Hizam (RA) yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim imamangirira baraka ya malonda pa zinthu ziwiri, kunena zoona ndi kufotokoza poyera, ndipo imati kunama ndi kubisa kumaifufuta barakayo. Ndi ziwiri, osati chimodzi. Ngakhale mawu aja timalemba pa malonda, oti "ndikugulitsa momwe ilili, sitibweza", ma Ulama amasiyana pa mphamvu yake yomuletsa wogula kubweza katundu, koma pa kubisa dala chilema chomwe ukuchidziwa amagwirizana kuti ndi tchimo. Sikuti uyenera kuwerenga kachikanda kalikonse komwe wogula akukaona ndi maso ake. Muyeso womwe ndimauona wosavuta ndi uwu: akanadziwa chomwe ndikudziwachi, akanalipirabe mtengo umenewu? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti ndalama yapamwambayo ikuchokera mu kusadziwa kwake, osati mu katundu wanga.

Koma chifukwa chachinayi ndiye chinandigwira pakhosi, ndipo ndi chomwe chandilembetsa zonsezi. Inenso anandipusitsa. Sindikufuna phindu, ndikungofuna ndalama yanga ibwerere. Bwanji chitayiko chonse chithere pa ine, amene sindinalakwe chilichonse?

Maganizo amenewa amamveka ngati chilungamo, n'chifukwa chake ndi oopsa. Amene akufuna kuba amadziwa kuti akuba. Koma amene akuti akungobweza zake amagona tulo tabwino. Ndipo mbali ina ndi yoona: ndinalakwiridwadi, ndipo ndinali ndi ufulu. Fiqh imautchula kuti khiyar al-'ayb, ufulu wa wogula wobweza katundu akapeza chilema chomwe chinalipo kale koma sanauzidwe. A Shafi'i amanenetsa kuti ubweze msanga ukangozindikira, osazengereza. Ndiye Sharia sinandisiye manja lende. Inandipatsa khomo loti ndigogode, koma khomolo linali la amene anandigulitsa, osati la mnyamata wa ku tchalitchi amene sanandilakwire kalikonse. Ngongole ili ndi mwini wake. Sungakwapule mwana wa aneba chifukwa mbuzi ya wina yadya chimanga chako.

Tsono bwanji sindinagogode khomo loyeneralo tsiku lachitatu lija? Manyazi. Ndinkaopa kuoneka wovuta, ndinkaopa kuti tizidzaonana bwanji pa mzere wa swala, ndinkaopanso kuti anzanga adziwa kuti ndinagula chinthu chakufa pomwe ndimadzitama kuti ndimazidziwa zida. Apa ndi pomwe ndinadziona bwinobwino ndipo sizinandisangalatse: ndinalibe mtima woyang'ana m'bale m'maso n'kumuuza kuti wandilakwira, koma ndinali ndi mtima wolakwira mlendo amene sindidzamuonanso. Chomwe ndinkachitcha chilungamo chinali mantha omwe apeza munthu wofooka woti amulipiritse.

Ndipo chitayikocho sichifanana chikamasuntha. Kwa ine amplifaya inkazima m'chipinda, ine ndekha, n'kungodandaula. Kwa iye ikanazima pakati pa mapemphero, anthu atadzaza, mwinanso ndalama zake zinali zosonkha gulu lonse. Akanakhala ndi mafunso oti ayankhe omwe ine sindinakhale nawo. Ndipo akanakumbukira kuti wondigulitsa anali mnyamata wa chisoti uja.

Zimanenedwa za Imam Abu Hanifa, amene anali wamalonda a nsalu ku Kufa, kuti anamuuza mnzake wa bizinesi za chilema cha nsalu ina kuti akamuuze wogula. Mnzakeyo anaiwala, ndipo wogulayo sanapezekenso. Imam anapereka sadaka ndalama za malondawo. Ndili mwana nkhaniyi ndinkaimva ngati ya anthu a dziko lina. Lero chomwe chimandidabwitsa ndi chakuti iye anali ndi chifukwa chabwino kuposa zanga zonse zinayi, popeza sanabise ndi iye, koma sanachigwiritse ntchito.

Musaganize kuti ndinayankha ngati ngwazi. Ndinayamba ndi "aaa, ilibe vuto kwenikweni", kenako lilime linalemera. Ndinamuuza kuti akhale pansi tiisiye ilire. Tinacheza za nsambo ndi mitengo yake, iye akuimba, ine ndikuyang'ana wotchi. Isanakwane mphindi 45 inazima. Anandiyang'ana, naseka pang'ono, nati, "Achimwene, mukanangondiuza, bwenzi titasunga nthawi." Ananena zoona. Anathokoza n'kupita osagula.

Ndinalembanso malonda aja ndi mawu oti imazima ikatentha. Omwe ankafunsa mtengo anasowa onse. Patatha sabata ziwiri anaitenga bambo wina wokonza mawailesi ndi ma amplifaya, pa mtengo wosafika theka la womwe ndinagulira. Anandifotokozera kuti zotere nthawi zambiri zimachitika fani ikafa, kapena polumikizira pena pakasweka n'kumatseguka chitsulo chikatentha, kapenanso munthu akailumikiza ku sipika ya ma ohms ochepa kuposa omwe inapangidwira. Kwa iye chilemacho chinali ntchito ya tsiku limodzi. Ndalamayo sinakwane kukonzetsa laputopu, ndipo mayeso ndinawerengera pa foni ndi pa kompyuta yobwereka.

Usiku womwewo ndinachita chomwe ndinayenera kuchita miyezi isanu m'mbuyomo. Ndinamulembera m'bale uja, mwaulemu, kuti amplifaya ija inali ndi vuto kuyambira tsiku loyamba ndipo ndikukhulupirira kuti ankadziwa. Anawerenga nthawi yomweyo koma anayankha mawa lake, itatha Fajr.

"Pepani akhi. Nanenso ndinaigula choncho."