Kodi Mtsinje Uli ndi Nkhoswe?

Pa bwalo la mfumu munthu saima yekha. Akalakwiridwa amadza ndi nkhoswe yake, ndipo nkhosweyo imamnenera mlandu. Mbuzi ikadya chimanga, mwini munda amadziwika, mwini mbuzi amadziwikanso. Koma zilipo zinthu zina zimene mwini wake ndi anthu onse, monga mtsinje, mpweya ndi nthaka. Nanga zimenezi zikaonongeka, ndani adzazinenera?

Funso limeneli si lakutali kwa anthu a ku Area 36 mu mzinda wa Lilongwe. Kumeneko, monganso ku Kawale ndi ku Biwi, majumbo otayidwa amatseka ngalande. Mvula ikagwa yambiri madzi amasowa njira, nalowa m'nyumba za anthu. Mayi amene ufa wake wanyowa sadziwa woti am'sumire, pakuti jumbo silinena kumene lachokera. Ndiponso alibe ndalama zolipira loya, ndiye munthu wophunzira malamulo amene amaimira anzake pa milandu.

Apa ndipo pafunika maloya a mtundu wina, amene amaima pa bwalo chifukwa cha ubwino wa anthu onse, osati chifukwa cha thumba la munthu mmodzi. Malamulo a dziko anawatsegulira khomo. Lamulo lalikulu la Malawi la 1994 limati Boma lisamale chilengedwe, poganizira ndi ana amene sanabadwe. Lamulo la chilengedwe la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pa malo aukhondo, ndipo angathe kupita ku bwalo kukauteteza.

Ena amati, "Kumeneku ndi kulowerera za eni. Makampani amalemba anthu ntchito, ndipo jumbo limathandiza wogulitsa tomato. Bwanji osawaleka?" Mawu awa ali ndi nzeru yake, ndipo loya wa kampani sachimwa ponenera kampani yake. Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Koma pamenepa ndi pomwe pagona nkhani. Wachuma sasowa womnenera. Ngati wosauka ndi mtsinje wake asowa pakamwa, bwalo lidzamva mbali imodzi yokha, ndipo kumeneko si kuweruza kolungama.

Nkhani ya majumbo imaonetsa zimenezi. Mu 2015 Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala. Eni makampani anathamangira ku bwalo natenga chiletso, ndipo majumbo anapangidwabe. Mu 2019 Bwalo Lalikulu la Apilo linagamula kuti lamulo la Boma liime. Ngakhale zinatero, ziletso zina zinatsatira, ndipo mlandu unakoka zaka zinanso. Mabungwe monga CEPA ndi Lilongwe Wildlife Trust sanaleke kukumbutsa Boma ndi anthu kuti chigamulo chosatsatidwa chili ngati khasu lopanda mpini.

Nkhani ina inachitika ku Area 18 mu 2017, pamene zonyansa za m'zimbudzi zinalowa m'mipope ya madzi akumwa. Munthu mmodzi akanangodandaula panjira basi. Koma anthu anasonkhana, napeza maloya, nasumira pamodzi, ndipo bwalo linalamula kuti apepesedwe ndi ndalama. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Ngakhale kunja ziri chimodzimodzi. Utsi wotenthetsa dziko umachokera makamaka ku maiko olemera, koma namondwe Freddy wa 2023 anagwetsa nyumba za osauka ku Blantyre ndi ku Mulanje. Ophunzira malamulo a ku zilumba za Pacific anayamba kudandaula za kusalungama kotere, dziko la Vanuatu linawathandiza, ndipo mu 2025 bwalo la maiko onse la ku The Hague linanena kuti maiko ali ndi udindo woteteza nyengo.

Komabe loya si mfiti yodziwa zobisika. Nkhoswe imanena zimene yauzidwa. Chifukwa chake munthu amene waphunzira kulemba ali ndi ntchito yaikulu. Angathe kulemba tsiku limene madzi analowa m'nyumba, katundu amene anaonongeka, ndi maina a mboni. Angathe kupita ndi anzake ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene Boma linakhazikitsa kuti ithandize osowa ndalama pa milandu.

Tsono mtsinje uli nayo nkhoswe. Nkhosweyo ndi munthu aliyense amene amamwa madzi ake, ndipo loya wolungama ndiye pakamwa pake pa bwalo.