KODI NKWABWINO KUDZUDZULA MFUMU PABWALO?

Abale a ku Zemba ndi a m'midzi yonse ya Chadiza, pali funso limene akulu a mpingo amatsutsana nalo kawiri kawiri poturuka m'nyumba ya Mulungu. Funsolo ndi ili: kodi munthu wamba, wopanda ufumu kapena udindo, aloledwa kuimirira pamaso pa khamu ndi kuchula zolakwa za olamulira? Ena ati iai, pakuti ulamuliro ucokera kwa Mulungu. Ena ati inde, pakuti coonadi naco cicokera kwa Mulungu yemweyo. Ndipo onsewa atsegula Buku limodzi. Tsono kuti tisangoponyerana mau, tiyeni tiyese funsoli pa moyo wa munthu mmodzi wa dziko lathu lino, amene ambiri a inu munamva mau ace pa wailesi.

Dzina lace ndi Fumba Chama, koma anthu amdziwa ndi dzina lakuti Pilato. Si Pilato uja anasamba m'manja. Uyu ndi mwana wa ku Ndola, ku Migodi, wobadwa m'caka ca 1984. Anayamba ndi kulakatula ndakatulo, ndipo pambuyo pace anaika mau ace pa ng'oma za makono, kotero kuti kuimba kwace kunga kulankhula kwa munthu wonena mlandu pabwalo. M'caka ca 2013, iye ndi mnzace Petersen Zagaze anaturutsa nyimbo yochedwa Bufi, ndilo liu la Cibemba lotanthauza bodza, nakumbutsa andale malonjezo a pa cisankho ca 2011 amene sanakwaniritsidwe.

M'mwezi wa June 2015 apolisi anamgwira cifukwa ca nyimbo ya Cinyanja imene anaipeka pa maimbidwe a nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe. Nyimboyo inanena za Mtsogoleri wa dziko, a Edgar Lungu, monga munthu wokonda cakumwa, wosadziwa kumene apita ndi anthu ace. Boma linausiya mlanduwo usanafike pa ciweruzo. M'mwezi wa September 2017 anagwidwanso kunja kwa Nyumba ya Malamulo ku Lusaka, iye ndi anzace asanu, mmodzi wa iwo mai Laura Miti. Anali kufunsa cifukwa cace boma linagula magalimoto 42 ozimira moto pa mtengo wa madola 42 miliyoni, ndiko kunena miliyoni imodzi pa galimoto iri yonse. Kumapeto kwa caka comweco anaimba za khoswe wolowa mumphika, ndipo anthu anamva fanizolo popanda womasulira. Ataopsezedwa ndi imfa anathawira ku South Africa m'January 2018. Anabwerako m'May, nagwidwa pa bwalo la ndege asanaone khomo la nyumba yace. M'December 2018 bwalo la milandu linapeza kuti iye ndi anzace aja analibe mlandu.

Tiyambe tafunsa makolo athu. Acewa sanali anthu acipongwe. Munthu amagwada pamaso pa mfumu, naomba m'manja, monga ticita kufikira lero pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Koma makolo omwewo anasiya khomo lotseguka la cidzudzulo. Mai amene analibe mau pabwalo anali nao pamtondo: posinja cimanga amaimba za mwamuna waulesi, za apongozi ouma mtima, ngakhale za nyakwawa yoweruza mokondera, ndipo mudzi wonse umamva. Sanali kuchula dzina. Anali kuphiphiritsa, ndipo mwini nkhani amadzizindikira yekha. Palibe anamangidwa cifukwa ca nyimbo ya pamtondo. Akulu amati mfumu ndi dzala, pakuti zinyalala zonse za mudzi zitayidwa pa iye; natinso wakutsina khutu ndi mnansi. Cotero mlakatuli wodzudzula olamulira sali mlendo pakati pathu. Catsopano ndi ici cokha, kuti mtondo wace umveka dziko lonse.

Nanga Mau a Mulungu atani? Sitingathe kulumpha Aroma 13, pamene Paulo alamulira Akristu kumvera maulamuliro, ndipo analemba izi Nero ali mfumu ku Roma. Cilamulo ca Mose ciletsa kutemberera mkulu wa anthu, ndipo Paulo yemweyo, atalankhula mwaukali kwa mkulu wa ansembe, anabweza mau ace pokumbukira lamulolo. Koma Buku lomwelo litionetsa Natani alikulowa kwa Davide ndi fanizo la mwana wa nkhosa wa munthu wosauka. Litionetsa Eliya alikukomana ndi Ahabu m'munda wa Naboti. Litionetsa Amosi, woweta nkhosa wa ku Tekoa, wosaphunzira m'sukulu ya aneneri, amene wansembe Amaziya anampitikitsa ku Beteli kuti akadyere kwao ku Yuda. Yohane Mbatizi anataya mutu wace cifukwa ca ukwati wa Herode. Ndipo Ambuye wathu mwini anamucha Herode nkhandwe. Kumvera ndi kudzudzula, zonse ziri m'Malembo. Cotero sizingakhale zotsutsana. Mkristu apereka msonkho, asunga lamulo, apempherera mfumu. Koma sanauzidwe kuti ache coipa cabwino.

Kusiyana kumene tiyenera kukufuna kuli pakati pa kudzudzula ndi kutukwana. Davide anamva mau owawa kwa anthu awiri. Natani anamuuza chimo lace. Simei anamtemberera pa njira, namponya miyala ndi pfumbi, tsiku lija anathawa Abisalomu. Onse awiri anachula mwazi. Koma Natani anafuna kuti mfumu ilape ndi kuti wosauka aone cilungamo. Simei anafuna kubwezera cilango ca nyumba ya Sauli, nakondwera ndi kugwa kwa mfumu. Wodzudzula aloza nchito yoipa kuti ikonzeke. Wotukwana aloza munthu kuti anyozeke.

Tikayesa moyo wa Pilato ndi muyeso umenewu, tipeza kuti mau ace sali onse olemera mofanana. Funso la magalimoto ozimira moto liri funso la Natani. Ndalama za boma si za nduna. Ndi thukuta la mlimi wa mtedza ndi thonje, ndi msonkho umene mai wamasiye apereka pogula sopo ndi mafuta. Munthu wofunsa kumene zinapita alankhulira mwana wa nkhosa uja. Koma kuseka munthu cifukwa ca cakumwa pamaso pa ana ace kuyandikira cipongwe, ndipo Mkristu acite nako mantha, pakuti khamu likonda kuseka koposa kukonza. Komabe taonani cimene Davide anacita ndi Simei tsiku lija. Abisai anapempha kuti akamdule mutu, koma mfumu inamletsa, poganiza kuti kapena m'matemberero omwewo muli mau a Mulungu kwa iye. Wolamulira wanzeru asefa mau owawa monga mai apeta cimanga: ataya mankhusu, nasunga maso. Dziko lathu linacita bwino m'December 2022 pamene linafafaniza lamulo lomanga munthu cifukwa conyoza Mtsogoleri.

Abale athu a tsidya la malire adziwa mtengo wa kutseka pakamwa. Mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College ku Zomba, anaikidwa m'ndende ya Mikuyu m'caka ca 1987, nakhalamo kufikira 1991 osauzidwa mlandu wace pabwalo. Dziko linakhala cete, koma cete ameneyo sanali mtendere. M'March 1992 mabishopu a Katolika analemba kalata yowerengedwa m'macalici, yonena poyera zimene anthu anali kunong'onezana, ndipo m'caka ca 1993 Amalawi anasankha kusiya ulamuliro wa cipani cimodzi. Cironda cimene mucibisa m'nsaru sicipola. Cinunkha, ndipo pomariza cidya mwendo wonse.

Patsala yeso lina, loposa ndende. Boma la a Hakainde Hichilema, limene linalowa m'caka ca 2021, linampatsa Pilato udindo wa mlembi wamkulu woyang'anira zaluso mu unduna wa acinyamata, masewera ndi zaluso. Ena anakondwera, nati wolira uja wapatsidwa khasu, alime tione. Ena anang'ung'udza, nati mkamwa modzala nsima simuturuka mau. Mtima wace sitiudziwa, ndipo sikuli kwa ife kuuweruza. Kutumikira mfumu si chimo: Yosefe anasunga nkhokwe za Farao, Danieli anatumikira ku Babulo, Nehemiya anali wopereka cikho. Koma Danieli anakhala ku nyumba ya mfumu osagulitsa cikumbumtima cace, nalowa m'dzenje la mikango cifukwa ca ico. Kwa Ahabu kunali aneneri 400 onena zokomera mfumu, ndipo Mikaya yekha ananena zoona, napatsidwa ndende ndi cakudya ca nsautso. Cotero funso la kwa mlakatuli ali yense wolowa m'boma, ndi kwa mbusa ali yense woitanidwa ku gome la akulu, ndi ili: kodi muyeso umene unayesa nao adani ako udzayesa nao abwenzi ako? Amene aona kuba pamene wakubayo ali wa cipani cina, natsinzina pamene ali wa cipani cace, sanadane ndi kuba ndi kale lomwe. Anangocita nsanje ndi dzanja limene linali mumphika.

Ndipo tisayese kuti nkhaniyi ndi ya ku Lusaka kokha. Iri pakati pathu pamene maina a olandira feteleza alembedwa mwamseri, pamene malire a munda wa ana amasiye asunthidwa usiku, pamene thumba la mpingo liperewera ndipo akulu akhala cete cifukwa wosunga cuma ndi mphwao. Pa zotere njira yathu inaikidwa kale. Yamba wafufuza ngati nkhaniyo iri yoona, pakuti mboni yonama iri ndi chimo lace. Ngati colakwa ciri pakati pa iwe ndi mbale wako, pita kwa iye pa awiri, monga atiphunzitsa Mateyu 18. Koma cinthu ca anthu onse cikaonongedwa, ndipo kucenjeza kwa m'tseri kwakanidwa, cineneke pabwalo, monga Paulo anatsutsa Petro ku Antiokeya pamaso pa onse. Lankhula mwaulemu, wokonzeka kulipira mtengo wa mau ako, ndipo usiku womwewo umpempherere iye amene wamdzudzula. Amene sangathe kupempherera mfumu sanayenere kuidzudzula.

Ndipo inu mafumu, nyakwawa, makhansala ndi akulu a mpingo, mwana akaimirira pabwalo nanena mau okulasani, musathamangire kufunsa kuti ndi mwana wa yani. Yambani mwafunsa ngati wanena zoona. Ambuye atipatse m'caka cino milomo yosaopa munthu, ndi makutu osakana cidzudzulo.