Usanagule Makina a pa Kauntala

Mwanangu, ndamva kuti golosale yako ya kufupi ndi mafakitale a ku Makata yayamba kuyenda bwino, ndipo ukufuna kugula makina a pa kauntala, aja amawerengera okha n'kutulutsa lisiti. Maganizowo ndi abwino. Koma ogulitsa makinawa ndi anthu a pakamwa pokoma, ndiye khala pansi timvane kaye. Paja safunsa anadya phula.

Anthu akamati POS amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana. Pali kamakina ka banki koswaipira khadi, monga timene amapereka a National Bank kapena Standard Bank. Pali makina a msonkho, a EFD, amene MRA inabweretsa mu 2014 kwa olembetsa VAT, omwe tsopano akulowedwa m'malo ndi njira ya pa intaneti yotchedwa EIS. Ndiye pali pulogalamu yowerengera katundu ndi malonda ako. Ngati unalembetsa VAT, pita kaye ku maofesi a MRA ku Msonkho House ukafunse ngati pulogalamu ukuifunayo ili yovomerezeka, kuopa kugula kawiri. Za khadi usathamangire. Banki imadula kangachepe pa malonda alionse, ndipo makasitomala ako ambiri, ochokera ku Ndirande ndi aja amaweruka m'mafakitale madzulo, amalipira ndalama pamanja kapena kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba.

Chimene ndikufuna tikhalirepo ndi chachitatucho. Dzifunse: ndalama zako zikuthawira pati? Ngati yankho sukulidziwa, makina sakakuuza pa tsiku loyamba. Amadziwa zokhazo zimene mwini wake wawauza.

Tayang'ana m'mashelefu akowo. Sopo wa Azam ali ndi timizere tija ta pa paketi, sikana ingowerenga mosavuta. Nanga mafuta ophikira amene umapikula chigubu cha malita 20 n'kumayeza m'timapepala? Nanga shuga wopima, mazira ogulitsa limodzilimodzi, ufa wa wokumani? Phindu la golosale ya m'tauni mwathu muno lili mu zoyezazo, ndipo ndi momwenso mumadontha ndalama. Wogulitsa pulogalamu akabwera, usamulole akuonetse zimene anakonzeratu kwawo. Muikire chigubu patsogolo, umuuze kuti achilowetse ngati katundu mmodzi, achigulitse m'timiyezo, kenako makinawo anene kuti mwatsala mafuta ochuluka bwanji. Akayamba kukanda m'mutu, mutsanzike mwaulemu.

Muyesenso pa makireti. Iwe uli pafupi ndi fakitale ya Castel, imene kale inali Carlsberg, ndipo ukudziwa kuti botolo lopanda kanthu ndi ndalama. Wina watenga Fanta zisanu osasiya mabotolo: zilembedwa pati? Chimodzimodzi ngongole. Kope lija umalembamo "ndidzapereka pakutha pa mwezi" silidzatha, chifukwa ogwira ntchito m'makampani amakhalira malipiro. Pulogalamu yopanda tsamba la ngongole siinapangidwire ife.

Za magetsi ndisachite kukuuza. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tinakhala kopitirira chaka magetsi akuthimathima. Kompyuta yaikulu ya pa tebulo imaoneka yaulemu, koma magetsi akangoti phethi nayo yagona, mzere uli panja. Ine ndingasankhe foni kapena tabuleti yokhala ndi kapulinta ka batire, zoti kasola kakang'ono kangathe kuzitchaja. Ufunsenso ngati imagulitsa netiweki ikathawa kapena bandulo ikatha, n'kudzatumiza zonse pambuyo pake. Yesa pamaso pake: thimitsa data, gulitsa buledi.

Mtengo wa pa tsiku logula si mtengo wonse. Mapulogalamu ambiri amalipiritsa mwezi ndi mwezi, ena m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolipira m'madola anadzuka bilu itakwera asanagulitse ngakhale machesi. Funa wolipiritsa m'makwacha, ndipo pangano likhale lolembedwa. Timapepala ta malisiti natonso n'togula, komanso zolembedwapo zimafufutika tikakhala padzuwa, choncho usadalire ito ngati umboni wa malonda ako. Ndipo ufunse funso limene ambiri amaliiwala: tikadzasiyana, mndandanda wa katundu wanga ndi mayina a ondikongola ndidzawatenga bwanji? Makina akafa Loweruka masana, wokonza ali ku Limbe kapena Ginnery Corner, kapena ndi nambala ya kunja yongoyankha pa WhatsApp? Fumbi la m'mwezi wa Okutobala silimvera chisoni kapulinta.

Mtsikana wokuthandiza uja akhale ndi nambala yake yachinsinsi, iwenso yako, ndipo mphamvu yofufuta malonda kapena kusintha mitengo ikhale kwa iwe wekha. Sikuti ndikumuganizira zoipa ayi. Zimamuteteza iye yemwe tsiku limene ndalama zapelewera. Umuphunzitsenso kuti wolipira pa foni asamangomuonetsa uthenga wa pa foni yake, chifukwa mauthenga abodza alipo. Katundu achoke pokhapokha uthenga wafika pa foni ya shopu.

Mwezi woyamba kope usalitaye, ziyendere limodzi. Lamulungu lililonse ukachoka ku tchalitchi, tseka chitseko uwerenge katundu ndi manja, uyerekeze ndi zimene makina akunena. Yambira pa mafuta ndi shuga.