Matumba Atatu a Mpunga ndi Funso la Amana

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Qur'an kuno ku Mwenilondo anandionetsa pulogalamu ya pa foni yowerengera Zakaat. Sanabise kuti anailemba mothandizidwa ndi ChatGPT, makina oyankha mafunso amene kampani ya OpenAI inatulutsa mu Novembala 2022. Titaiyesa pa ndalama za malonda, inayankha molondola: magawo 2.5 pa 100 alionse. Titaiyesa pa mpunga wa Kilombero, inabwerezanso 2.5. Komatu lamulo la zokolola ndi lina: magawo 10 pa mbewu yokula ndi mvula, ndi magawo 5 pa mbewu yothiriridwa movutikira. Mlimi wokolola matumba 40 a mpunga wa mvula akanapereka thumba limodzi m'malo mwa anayi. Nanga mlandu wa matumba atatu a osaukawo ukanagwera yani?

Makina sangausenze. Alibe niya, ndipo sadzaimirira pa Tsiku la Chiweruzo. Anaphunzira kuchokera m'zolemba zochuluka za anthu, ndipo amalumikiza mawu molingana ndi mmene amatsatirana kawirikawiri. N'chifukwa chake zoona ndi zopeka amazinena mosadodoma chimodzimodzi. Mu 2023 bwalo la milandu ku New York linalipiritsa maloya madola 5,000 atapereka milandu yakale imene ChatGPT inangoipeka.

Asilamu tili ndi muyeso wakale pa nkhani yotere. Imam Bukhari, amene anamwalira m'chaka cha 870, sankalandira Hadith chifukwa choti ikumveka bwino m'khutu. Ankafufuza amene waifotokoza, kumene anaimva, ndiponso ngati ndi munthu woona ndi wosaiwala. Makinawa ali ngati mlendo wodziwa kulankhula amene mawu ake alibe mboni. Tingamumvere, koma sitingagamule nkhani pa mawu ake okha.

Sindikunena kuti chida chimenechi ndi haramu. Chimathandiza kusanja kalata, kukonza chiganizo, ngakhale kupeza cholakwika m'pulogalamu. Koma amana, udindo umene Allah anaika pa munthu, sabwereketsa. Wolemba dzina lake pansi pa khutba, kalata ya komiti ya mzikiti kapena pulogalamu, akuchitira umboni zonse zili m'menemo. Choncho aziwerenge, afunse ma Sheikh, ndipo aulule kuti anathandizidwa.

Mnyamatayo anakonza pulogalamu yake titatsegula limodzi buku la fiqh. Tsopano isanawerengere, imayamba yafunsa mlimi mmene munda wake unapezera madzi.