Wamva m'mimba satsekula chitseko masiku onse

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana athu a m'sukulu za ukachenjede, kaya ku Chirunga, ku Bunda kapena ku Mzuzu, akuchezera usiku wonse akusirira mikuyu ya anzawo pafoni. Pa Facebook ndi TikTok munthu amaonetsa zokoma zokhazokha: nsapato zatsopano, mbale ya nyama, chibwenzi chomwetulira. Palibe amajambula ngongole ya fizi kapena tsiku limene wagona ndi njala. Tsono mwana amene makolo ake adagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti akaona zimenezi amadziyesa wotsalira. Tulo timathawa, zowerenga sizilowa m'mutu, mayeso nawo sadikira munthu.

Eni ake a masamba a mchezowa akudziwa. Mu 2021 mayi Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, adaulula kafukufuku wa kampaniyo wosonyeza kuti tsamba lake la Instagram limachititsa atsikana ena kuipidwa ndi matupi awo.

Palinso nkhani ya pakamwa. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kale miseche inkathera pachitsime, koma lero chithunzi chimene mtsikana adatumizira bwenzi lake mwachinsinsi chimazungulira magulu onse a WhatsApp kusanache. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, komabe mwanayo m'mawa ayenera kukalowa m'kalasi momwe maso onse ali pa iye.

Pamenepa mpamene ndimasiyana pang'ono ndi makolo athu. Adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa matenda a m'mimba adanena zoona. Nthenda ya maganizo njosiyana. Woidwala amatseka chitseko, nadzifunditsa bulangete, chakudya osachifuna, anzake osawayankha, pomwe pafoni akuikabe zithunzi zoseka. Anyamata ndiye amavutika koposa, poti tidawalera ndi mawu akuti mwamuna salira. Tikamadikira kuti atsekule okha, ena tidzawapeza mochedwa, ndipo mabanja amene ataya ana odzipha amadziwa ululu wake.

Sindikunena kuti tiwalande mafoni. Momwemo ndi momwe amalandirira zophunzira ndi ndalama yodyera. Koma mutu umodzi susenza denga. Iwe wogona naye chipinda chimodzi, ukaona mnzako sakudzuka kupita kukalasi, m'funse, ndipo akangoti ali bwino usakhutire msanga. Thandizo lilipo: chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ngakhale chipatala cha boma chapafupi. Kupita kumeneko si misala ayi.

Ndipo inu makolo anzanga, musamangotumiza ndalama pafoni nkukhala chete. Muimbireni mwanayo, mumve mawu ake, mumufunse ngati akugona tulo komanso ngati wadya.