Mlandu ndi wa galu kapena wa mwini wake?

Kwathu ku Lirangwe galu wofatsa amanyozeka. "Uyu n'ngongotha gaga," amatero anthu. Wofunika ndi wolusa, moti ena amam'mangirira paunyolo usana wonse, dzuwa likuswa mtengo, ena amam'thirira tsabola kapena chamba m'nsima kuti akuba asamayandikire khola la mbuzi. Tsiku limene wadula chingwe n'kuluma mwana wopita kuchigayo, mudzi wonse umati galuyo ndi woipa mtima.

Ine sindikhulupirira kuti nyama ingachimwe. Pa Eksodo 21, ng'ombe yopha munthu imaphedwa, koma mwini wake akakhala kuti anachenjezedwa osaisunga bwino, mlandu umam'gweranso iyeyo. Galu amaluma chifukwa cha mantha, njala, kuteteza ana ake, kapena chiwewe. Kachilombo ka chiwewe kakafika muubongo, galu sazindikiranso ngakhale mbuye wake. Ameneyu tingamuimbe mlandu wanji?

Kuyambira 2015 a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere wa chiwewe mu Blantyre. Komatu ku Chileka ndinamva bambo wina akukana, ati jakisoni amafooketsa galu. Iwo akufuna mlonda woopsa, chonsecho adzukulu awo amasewera phada pabwalo lomwelo.